David Livingstone ndi maina amene adasiya m'mbali mwa nyanja yathu

Msewu wopita ku Salima umapatuka pa M1 pafupi ndi Kanengo, mtunda wochepa kuchokera ku Mgona. Woutsata makilomita oposa 100 amakatulukira ku Senga Bay, pamchenga umene alendo amaudziwa ndi dzina loti Livingstonia Beach. Kummwera kwa gombe limeneli kuli Cape Maclear. Kumpoto kuli mkuyu wa Livingstone ku Nkhotakota, ndipo patsogolo pake pali Livingstonia, pamwamba pa mapiri a Khondowe. Kutsidya kwa nyanja kuli mapiri otchedwa Livingstone m'dziko la Tanzania, komanso chigawo cha Niassa m'dziko la Mozambique.

Maina onsewa akukhudzana ndi maulendo a munthu mmodzi, David Livingstone, dokotala ndi mmishonale wa ku Scotland amene adamwalira mu 1873. Mabuku akale a sukulu ankaphunzitsa kuti iyeyu ndiye adatulukira nyanja ya Malawi. Komatu adafika n'kupeza asodzi akukoka makoka, mabwato akuwolotsa anthu, ndipo malo alionse ali ndi dzina lake. Ntchito imene iye adagwira idali yoyeza malowo ndi kuwalemba pamapu amene maiko a ku Ulaya adawakhulupirira. Maina ena adawamva m'kamwa mwa eni dera, ena adabwereka kwa abwenzi ake. Pa maina amenewo padadzamangidwa mishoni, boma la atsamunda, malire a maiko atatu, ndi ntchito zokopa alendo zimene tikuzidalira lero.

Mwana wa m'fakitale ya thonje

Livingstone adabadwa pa 19 March 1813 m'tauni yaing'ono ya Blantyre, m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland. Banja lonse linkagona m'chipinda chimodzi m'nyumba za antchito a fakitale yopota thonje. Bambo ake, a Neil, ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa masamba a tiyi, ndipo mayi ake adali a Agnes Hunter. Ali ndi zaka 10 adalowa ntchito yolumikiza ulusi woduka pamakina, kuyambira 6 koloko mmawa mpaka 8 koloko usiku. Akaweruka ankapita kusukulu ya usiku. Ndi ndalama zimene adasunga, mu 1836 adayamba maphunziro a udokotala ku Anderson's College mumzinda wa Glasgow, kenaka adalowa bungwe la London Missionary Society.

Mtima wake udali ku China, koma nkhondo imene idabuka pakati pa Britain ndi dzikolo mu 1839 idatseka njira. Ali ku London adakumana ndi Robert Moffat, mmishonale wa ku Kuruman m'dziko la South Africa, amene adamukopa kuti abwere ku Africa. Adafika ku Cape Town mu March 1841, ndipo ku Kuruman mu July chaka chomwecho.

Zaka zake zoyamba adakhala pakati pa Atswana. Mu 1844, ku Mabotsa, mkango udamugwira paphewa n'kuphwanya fupa la mkono wamanzere. Adapulumuka chifukwa mphunzitsi wina, Mebalwe, adayesa kuuwombera, mkangowo n'kusiya mzunguyo kukalumphira iye. Chaka chotsatira Livingstone adakwatira Mary, mwana wa Moffat. Pa ulaliki zinthu sizidamuyendere. Wodziwika amene adatembenuka mtima m'manja mwake ndi mmodzi, mfumu Sechele ya Bakwena, imene idabatizidwa mu 1848. Pang'ono ndi pang'ono maganizo ake adachoka paguwa n'kupita pamapu. Adatsimikiza mumtima kuti malonda a akapolo angathe pokhapokha patapezeka njira yapamadzi yochokera kunyanja yamchere, yoti amalonda azilowera nayo m'katikati mwa Africa kudzagula thonje ndi minyanga m'malo mogula anthu.

Kuchokera ku Luanda kukafika ku Quelimane

Njira imene adaiyika pamtima idali mtsinje wa Zambezi, umene adauona koyamba mu 1851 m'dziko la Amakololo. Mu November 1853 mfumu Sekeletu idamupatsa amuna 27, ndipo adanyamuka ku Linyanti kulowera kumadzulo. Adafika ku Luanda, pagombe la Atlantic, pa 31 May 1854, malungo atamuonongeratu thupi. Ataona kuti njirayo ndi yovuta adabwerera, n'kuyambanso ulendo wolowera kummawa ndi amuna oposa 100 a Sekeletu.

Mu November 1855 amunawa adamufikitsa pamathithi amene iwo ankawatcha Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi wogunda. Iye adawapatsa dzina la mfumukazi ya kwawo, Victoria. Apa ndi pamene padayambira chizolowezi chake choika dzina la mnzake kapena la mkulu wa kwawo pamalo amene eni ake adawatcha kale.

Atadutsa Zumbo adasiya gombe la Zambezi n'kudula njira yapamtunda kupita ku Tete, osaona gawo lina la mtsinjewo. Ku Tete adacheza ndi Candido da Costa Cardoso, wamalonda amene adamufotokozera za nyanja yaikulu chakumpoto, imene iye adati adafikako, ndipo kuti anthu a kumeneko amangoitcha Nyanja. Mapu akale a Apwitikizi ankaonetsa kale nyanja yotchedwa Maravi m'dera lomwelo, ndipo mu 1616 Gaspar Bocarro, poyenda kuchokera ku Tete kupita ku Kilwa, adadutsa chakummwera kwake. Livingstone adafika ku Quelimane, pagombe la Mozambique, pa 20 May 1856, atadula Africa kuchokera kunyanja yamchere ya kumadzulo kukafika ku ya kummawa.

Kwawo adamulandira ngati ngwazi. Buku la ulendowu, limene lidatuluka mu 1857, lidamulemeretsa. Adasiya ntchito ku London Missionary Society, ndipo boma la Britain lidamusankha kukhala kazembe wake ku Quelimane komanso mtsogoleri wa gulu lokafufuza za mtsinje wa Zambezi.

Mtsinje udakana

Gululi lidafika pamathiriro a Zambezi mu May 1858. Mudali mng'ono wake Charles, dokotala ndi katswiri wa zomera John Kirk, wojambula Thomas Baines ndi katswiri wa miyala Richard Thornton. Sitima yawo adaitcha Ma Robert, dzina limene Atswana adapatsa Mary potsata mwana wake woyamba, monga mmene kuno tinganenere kuti amake Robert.

Mu November chaka chomwecho adakafika pagawo lija Livingstone adalilambalala. Adapeza mtsinje utapanikizika pakati pa matanthwe, madzi akuwinduka moti sitima iliyonse sikadatha kukwera. Malowa ndi Kebrabasa, kapena kuti Cahora Bassa, dzina limene amalimasulira kuchokera ku Chinyungwe kuti pothera ntchito, poti opalasa ngalawa ankalekezera pomwepo. Dzinalo lokha lidali chenjezo lokwanira, koma safunsa adadya phula. Lonjezo limene adapereka ku boma la kwawo lidathera pamiyala imeneyo, pamene lero pali damu lalikulu lopanga magetsi.

Kulephera kumeneku ndi kumene kudamubweretsa kwathu kuno. Mu January 1859 adakhotetsa Ma Robert kulowa mu Shire, mtsinje umene umathira mu Zambezi kuchokera kumpoto. Pamudzi wa mfumu Tengani adakumana ndi amuna a mauta ndi mivi, koma atakambirana adamulola kudutsa. Adadutsa dambo lalikulu limene adalitcha Elephant Marsh chifukwa cha njovu pafupifupi 800 zimene adaziona kumeneko. Kumtunda kwa Chikwawa, Shire nayenso adamutsekera njira ndi mathithi a Kapichira, oyamba mwa mathithi angapo amene atenga mtunda wa makilomita oposa 50, pamene mtsinje umatsika mamita oposa 300. Onsewo adawatcha Murchison, dzina la Sir Roderick Murchison, mtsogoleri wa bungwe la Royal Geographical Society amene ankamulankhulira ku boma. Lero dzina la Murchison lazilala, ndipo amene amatchulidwa tsiku ndi tsiku ndi Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera magetsi athu ambiri.

Nyanja ya maina ambiri

Atabweranso mu Shire miyezi ingapo pambuyo pake, adasiya sitima pamudzi wa Chibisa n'kuyamba ulendo wapansi ndi Kirk pamodzi ndi Amakololo. Pa ulendowu padachitika kanthu koonetsa mmene mawu oti nyanja ankawasokonezera alendowa. Adapempha munthu wina kuti awalondolere kunyanja yaikulu. Munthuyo adawazungulitsa m'mapiri n'kuyamba kulowera nawo kudambo la njovu lija, chifukwa kwa iye nyanja yaikulu idali imeneyo. Alendowo adaganiza kuti akuwasocheretsa dala, chikhalirecho iye adachita zimene adamutuma. Kwa Amang'anja, madzi alionse otambalala adali nyanja. Mu April 1859 adakafika kunyanja ya Chilwa, ya madzi owawa ndi yopanda mtsinje wotulukamo, ndipo anthu a kumeneko adawauza za nyanja ina yokulirapo chakumpoto.

Pakati pa mwezi wa September 1859, atatsata Shire kudutsa Malombe, adaima pamene mtsinjewu umatulukira m'nyanja, m'boma limene lero ndi Mangochi. M'makalata ake a chaka chimenecho nyanjayi adailemba ndi maina awiri amene adawamva panjira. Limodzi lidali Nyinyesi, limene khutu la Mmalawi limva msanga kuti ndi nyenyezi. Lina lidali Nyassa, liwu la Chiyao lofanana ndi nyanja m'Chichewa. Limene lidakhazikika pamapu ndi lachiwirili, kotero kuti Lake Nyasa wa Azungu, kumumasulira bwino, ndi nyanja yotchedwa Nyanja. Dzina la nyenyezi lija lidatsalira m'manja mwa okopa alendo, amene amalilumikiza ndi nyali za asodzi a usipa zimene zimathwanima pamadzi usiku.

Livingstone adaumirira kuti ndiye Mzungu woyamba kuiona nyanjayi, ndipo adakana zoti Mpwitikizi aliyense adamutsogolera, ngakhale adali atalemba yekha zimene Cardoso adamuuza. Mjeremani wina, Albrecht Roscher, adafika pagombe la kummawa patangopita miyezi iwiri, koma adaphedwa chaka chotsatira asadabwerere kwawo. Amalonda a Chiyao ndi a Chiswahili adali atazolowera kale kuwoloka nyanjayi ndi minyanga ndi akapolo popita ku Kilwa.

Kukula kwake kwenikweni kudadziwika pambuyo pake. Nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 560, pamene yatambalala kwambiri imafika makilomita pafupifupi 75, ndipo chakumpoto ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Mu Africa ndi yachitatu kukula, pambuyo pa Victoria ndi Tanganyika, ndipo ndi yachiwiri kuya. Ili m'chigwa chachikulu chimene chidapangika nthaka itang'ambika, n'chifukwa chake mapiri aima chilili m'mbali mwake. Mitsinje yambiri imathiramo, koma wotulukamo ndi Shire yekha. Mitundu ya nsomba imene ilimo imaposa ya m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo yambiri, monga mbuna za m'miyala, sipezeka kwina.

Goli, mwera ndi Cape Maclear

Zimene Livingstone adalankhula ku Cambridge mu 1857 zidabala mishoni ya UMCA, ndipo mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie adafika ndi gulu lake. Pa 16 July, pamudzi wa Mbame, adakumana ndi mdipiti wa akapolo opita ku Tete, amuna ali m'magoli, amayi ndi ana atamangidwa zingwe. Owakusawo adathawa, ndipo anthu 84 adamasulidwa. Amenewa ndiwo adakhala maziko a mishoni ya ku Magomero. Mwa ana amene adamasulidwa m'masiku amenewo mudali mnyamata wa Chiyao dzina lake Chuma.

Atasiya amishonalewo, Livingstone adalemba anthu onyamula boti la nkhafi zinayi kulambalala mathithi onse a Shire, ndipo kumayambiriro kwa September 1861 adalowa nalo m'nyanja pamodzi ndi Kirk ndi Charles. Atazungulira mapiri amene alowerera m'madzi chakummwera, adawatcha Cape Maclear, polemekeza Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town amene adamuphunzitsa kupeza malo poyeza dzuwa ndi nyenyezi, ndiponso ankamukonzera masamu a mapu ake. Maclear sadapondepo pamalopa. Mudzi wa asodzi umene uli pagombe limeneli ndi Chembe.

Ulendowu udachitika m'nyengo ya mphepo. Tsiku lina namondwe adawatsekereza kwa maola ambiri ali kutali ndi gombe, mafunde akufuna kumiza botilo, ndipo Livingstone adaitchanso nyanja ya anamondwe. Adaona mitambo ya nkhungu ikufuka pamadzi ngati utsi, n'kulawa chikondamoyo chimene anthu a kumpoto amapanga ndi tizilomboti. Adadabwa ndi kuchuluka kwa midzi pagombe la kummwera, koma chakumpoto adapeza mabwinja ndi mafupa a anthu ophedwa pankhondo za Angoni. Adaonanso madoko owolotsera akapolo. Kazembe wa Britain ku Zanzibar, Christopher Rigby, adali atawerengera kuti akapolo 19,000 ochokera m'dera la nyanjayi ankadutsa pachilumbacho chaka ndi chaka. Chakudya chitawathera, adabwerera ali chakufupi ndi Nkhata Bay, osaona kumene nyanja idathera.

Manda m'mbali mwa mitsinje

Chaka cha 1862 chidali cha maliro. Bishopu Mackenzie adamwalira ndi malungo pa 31 January pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, bwato lonyamula mankhwala ake litagubuduzika. Mary, amene adabwera kudzakhala ndi mwamuna wake atasiyana zaka zinayi, adamwalira pa 27 April ku Shupanga, ndipo adaikidwa pansi pa mlambe m'mphepete mwa Zambezi. Chilala, njala ndi nkhondo zogwira akapolo zidasesa chigwa cha Shire, moti mu 1863 mitembo inkayandama mumtsinje n'kumakola sitima. Chowawa kwambiri chidali chakuti amalonda a akapolo a ku Tete ankatsata njira yomwe iye adatsegula.

Anzake a paulendo adamuona kuti ndi munthu wouma mtima ndi wosamva za ena. Baines adamuchotsa ntchito pomunamizira kuba. Thornton adamwalira mu April 1863, ndipo Kirk ndi Charles adabwerera kwawo akudwala. Sitima ya Lady Nyassa, imene adaigula ndi ndalama za m'thumba mwake kuti izikayenda panyanja, sidadutse mathithi a Shire. Mu July 1863 kalata ya boma yomuitanitsa idafika.

Poyembekezera kuti madzi a Shire akwere, adayenda wapansi kutsata mapiri a pakati pa Ntcheu ndi Mozambique, amene adawatcha Kirk Range, mpaka ku Nkhotakota. Kumeneko adakumana ndi Jumbe, Mswahili amene ankakhoma chombo chowolotsera akapolo, ndipo mkuyu umene anthu amati adakumanirapo ulipo mpaka lero. Adapitirira mpaka kwa Mwase ku Kasungu asadabwerere. Mu 1864 adayendetsa yekha Lady Nyassa kuchokera ku Zanzibar kukafika ku Bombay m'dziko la India. Ena mwa Amakololo ake adatsalira ku Chikwawa, adasonkhanitsa anthu othawa nkhondo n'kukhala mafumu. Maina a Kasisi, Maseya, Katunga ndi Mlilima adachokera kumeneko.

Adadutsa m'chigwa cha Lilongwe

Mu 1866 adabweranso, ulendo uno kudzafuna gwero la mtsinje wa Nile. Adatsika pagombe la Mikindani, adatsata mtsinje wa Rovuma, n'kukhala masiku angapo kwa mfumu Mataka ku Mwembe, m'chigawo chimene lero ndi Niassa. Adafika panyanja mu August, koma eni zombo adakana kumuwolotsa, choncho adazungulira kummwera kudzera kwa Mponda. Atapitirira patsogolo, onyamula katundu ochokera kuchilumba cha Johanna, motsogozedwa ndi Musa, adathawa n'kukafalitsa bodza ku Zanzibar kuti waphedwa ndi Angoni. Bodzalo lidatsutsidwa mu 1867 ndi Edward Young, amene adabwera kudzamufunafuna.

Livingstone adakwera mapiri a Dedza n'kulowa m'chigwa cha Lilongwe mu October 1866. M'zolemba zake muli mitsinje ya Linthipe, Diamphwe ndi Bua, komanso mapiri a Dzalanyama, amene adamva kuti adatchedwa choncho chifukwa chodzala nyama. Adapeza midzi ya Achewa yotchingidwa ndi mipanda ya nkhadze, minda yolimidwa bwino, ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndi mantha aakulu a Angoni. Kuno sadasiye dzina lachilendo ngakhale limodzi. Adalemba maina monga adawamvera, n'kupitirira kumka ku Luangwa.

Zaka zotsatira zidali za matenda. Bokosi lake la mankhwala lidabedwa mu January 1867. Adafika kunyanja za Mweru ndi Bangweulu, ndipo kawirikawiri ankadya ndi kuyenda mothandizidwa ndi amalonda a akapolo omwe ankawadzudzula. Pa 15 July 1871 adaona ndi maso ake anthu mazanamazana akuphedwa pamsika wa Nyangwe, m'mbali mwa mtsinje wa Lualaba. Chakumapeto kwa chaka chomwecho mtolankhani Henry Morton Stanley adamupeza ku Ujiji, koma adakana kubwerera kwawo. Adamwalira kumayambiriro kwa May 1873 pamudzi wa Chitambo, m'dera la Ilala ku Zambia, ali ndi zaka 60.

Chuma uja, pamodzi ndi Susi wa ku Shupanga ndi anzawo, adakwirira mtima wake pansi pa mtengo wa mpundu, umene kuno timautcha muula. Thupi adaliumitsa ndi mchere ndi dzuwa, n'kulinyamula miyezi isanu ndi inayi mpaka ku Bagamoyo. Lidaikidwa ku Westminster Abbey mumzinda wa London pa 18 April 1874. Patangotha milungu isanu chimwalirireni, Kirk adasainirana pangano ndi Sultan Barghash lotseka msika wa akapolo wa ku Zanzibar.

Zimene mainawo adabala

Imfa yake idachita zimene moyo wake udalephera. Mu October 1875 Edward Young ndi Robert Laws adalowetsa m'nyanja sitima ya Ilala, yotchedwa dzina la dera limene iye adafera, itanyamulidwa zidutswazidutswa pamitu ya anthu mazanamazana kulambalala mathithi a Shire. Adamanga mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear, adazungulira nyanja yonse, n'kutcha mapiri a kumpoto chakummawa dzina la Livingstone. Malungo adawasamutsira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 adakwera ku Khondowe, dzina la Livingstonia likuwatsata. Mu 1876 mpingo wa Church of Scotland udamanga mishoni m'dera la mfumu Kapeni n'kuitcha Blantyre, kwawo kwa Livingstone.

Mapu ake ndi mishoni zimenezi ndi zimene Britain idaimirapo pokangana ndi Portugal za umwini wa dera la Shire. Dziko lino lidalowa m'manja mwa Britain mu 1891, ndipo mu 1907 lidatchedwa Nyasaland. Apwitikizi adapereka dera la kutsidya kwa kampani ya Companhia do Niassa, ndipo dzinalo lidatsalira pachigawo chimene likulu lake ndi Lichinga. Liwu limodzi la Chiyao lidatcha dziko lathunthu kuno ndi chigawo chachikulu kutsidyako, kumene Anyanja a ku Metangula ndi Cobue amalankhula chinenero chathu chomwechi.

Pa 6 July 1964 dziko lidatenga dzina loti Malawi, potsata ufumu wa Maravi umene udali kale pamapu a Apwitikizi Livingstone asadabadwe. Madzi saiwala khwawa: Fort Johnston idakhala Mangochi, Port Herald idakhala Nsanje, Fort Manning idakhala Mchinji, Fort Hill idakhala Chitipa, Deep Bay idakhala Chilumba, Florence Bay idakhala Chitimba. Maina a asilikali ndi akuluakulu a boma la atsamunda adachotsedwa, koma okhudza Livingstone adasiyidwa, monganso ku Zambia adasunga mzinda wa Livingstone pamene Fort Jameson idasanduka Chipata.

Nyanja yokha idatsala ndi maina atatu. Kuno ndi nyanja ya Malawi, ku Tanzania ndi Nyasa, ku Mozambique ndi Niassa. Kusiyanaku kuli ndi nkhani ya malire kumbuyo kwake. Pangano la Britain ndi Germany la mu 1890 lidaika malire pagombe la kummawa, ndipo Malawi imaimira pamenepo, pomwe Tanzania imafuna kuti malire adutse pakati pa madzi. Mkanganowu udabukanso mu 2012 pankhani yofufuza mafuta pansi pa nyanja. Ndi Mozambique malire adagwirizanidwa mu 1954 kuti adutse pakati, zilumba za Likoma ndi Chizumulu n'kukhalabe za Malawi.

Vuto limene lidamubweretsa Livingstone, la njira yopita kunyanja yamchere, likadalipo. Mafuta ndi feteleza wathu zimalowera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo njanji ya ku Kanengo imakathera pagombe la Mozambique. Doko la Nsanje, limene lidatsegulidwa mu October 2010 ndi cholinga chotsata Shire ndi Zambezi monga iye ankalotera, lidakali chiimire.

Chimene chidapindula ndi ntchito yokopa alendo. Dera la Cape Maclear lidakhala Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaliika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha nsomba zake. Alendo amasambira ndi mbuna pachilumba cha Thumbi, amaona manda a amishonale oyamba, amakwera Ilala ya lero imene idayamba kuyenda mu 1951, n'kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Likoma kapena mathithi a Manchewe ku Livingstonia.

Mlendo amene amafika ndi mapu m'manja amatchula Cape Maclear, Monkey Bay, Blantyre ndi Livingstonia. Eni malo amadziwanso kuti ndi Chembe, Lusumbwe, Kabula ndi Khondowe. Maina oyambawo amanena za Livingstone, abwenzi ake ndi amene adabwera pambuyo pake. Enawo amanena za anthu amene adamulandira, kumulondolera njira, kumunyamulira boti, ndipo pomaliza kunyamula mtembo wake. Wolondolera alendo amene amangodziwa maina a pamapu amafotokoza theka chabe la mbiri ya nyanja imeneyi.